Mzere ukudukaduka, penti akuthawa pa galimoto: vuto ndi dzanja kapena chiyani?

Wophunzira Burashi:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikuphunzira kulemba zikwangwani pamanja komanso kukoka timizere tokongoletsa galimoto. Ndili ndi penti wamafuta wa enamel wotchedwa 1 Shot, burashi yokokera mizere ya kampani ya Mack yooneka ngati lupanga ya nambala 00, ndi ma quill awiri (maburashi ofewa olembera zilembo), nambala 4 ndi 8. Mzere ukangopitirira masentimita 30 umayamba kudukaduka, pena kunenepa pena kuonda. Pa chitseko cha galimoto penti akumathawa malo ena n'kusiya timaenje tozungulira. Zilembo nazonso, ngakhale ndimayeza ndi rula, zimaoneka zotalikirana mosiyana. Kodi ndi dzanja langa losakhazikika, kapena pali chimene ndikuphonya?

Wa Mizere:

Achimwene, musafulumire kuliimba mlandu dzanja. Ine nditenga nkhani ya mzere, enawo akuyankhani anzanga.

Musamaviike burashi m'chitini. Thirani penti pang'ono m'kakapu ka pepala kopanda phula mkati, m'kakapu kena muthire mankhwala osungunulira penti, reducer kapena white spirit. Viikani burashi mu penti mpaka ubweya wonse unyowe kufika pamene anamanga ulusi, kenako muipalase pa tsamba losalala la magazini, uku ndi uku, kakhumi kapena kupitirira. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Ikamakoka ngati yamata, gunditsani nsonga yokha mu reducer n'kupalasanso. Ikamangoterera osamva kanthu m'zala, ndiye kuti mwasungunula kwambiri, onjezani penti. Chofunika ndi kukoka pang'ono, kofewa, komveka m'zala. Penti wolimba amadula mzere. Wamadzimadzi amafalikira m'mbali, amachucha, ndipo mtundu wapansi umaonekera.

Mzere wothera pa masentimita 30 ukusonyeza kuti penti ali kunsonga kokha. Ubweya wa gologolo wa burashi imeneyi ndi wautali pafupifupi masentimita 5, ndipo pamimba pakepo ndiye nkhokwe ya penti. Ikadya bwino imakoka mita yathunthu, mwinanso kuposa, osapumira. Palasaninso musanayambe mzere uliwonse, chifukwa reducer amauluka pa tsambapo inu mukuyang'ana kwina. Kukatentha gwiritsani ntchito reducer wouma mochedwa, wa 1 Shot ndi nambala 6002. Kukazizira tengani 6001.

Kunenepa ndi kuonda kwa mzere kumachokera ku kuchuluka kwa ubweya umene wagona pa galimoto. Gwirani kampini ka burashi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, zala ziwiri zomalizira zitsamire pa chitsulo ndipo zizitsetsereka limodzi ndi dzanja. Zala zimenezi ndizo zimasunga burashi pa msinkhu umodzi. Mukazitukula, mzere waonda, mukadinikiza, wanenepa. Liwiro lizikhalanso limodzi. Pa mzere wautali musapinde dzanja: yendani chafutambuyo thupi lonse, maso ali masentimita 10 kutsogolo kwa burashi, osati pa nsonga.

Pokhota, tukulani burashi kuti iime ndi nsonga, n'kumapotoza kampini pakati pa zala kulowera kumene mukukhoterako. Mukapanda kupotoza, pamimba pa burashi pamaterereka kutulukira kunja ndipo mzere umatupa pa ngodya. Phunzirani pa galasi: mizere yowongoka 50, yokhota ngati C kumanja ndi kumanzere, kenako ya S. Mukatha mupale ndi lezala n'kuyambiranso.

Mayi wa Penti:

Timaenje timeneto amisiri amatitcha fisheye, ndipo si vuto la penti. Pa chitsekocho pali phula, mafuta kapena silicone wa mu polishi, ndiye penti akulephera kugwira, akuthawira m'mbali. Ngakhale mankhwala owalitsa matayala opoperedwa chapafupi amakwanira kuwononga ntchito.

Tsukani kaye ndi madzi ndi sopo, muumitse. Kenako tengani mankhwala ochotsa phula ndi mafuta, amene amalembedwa wax and grease remover, ndi nsanza ziwiri zoyera. Yoyamba ndi yonyowetsera, yachiwiri ndi youma yopukutira mankhwalawo asanaume okha. Akauma okha, phula limangobwerera pamalo pomwepo. Pukutani kulowera mbali imodzi, mukutembenuza nsanza, ndipo bwerezani kawiri kapena katatu. Mukatero musagwireponso ndi chikhatho. Musayerekeze kupukuta ndi thina wa lacquer, amadya penti wa galimoto.

Chinanso choti muone ndi burashi yeniyeniyo. Ngati munaisunga ndi mafuta osawachotsa bwino musanayambe, inu nomwe ndi amene mukuthira mafuta mu penti.

Mukamaona timinga tating'ono tikutuluka m'mbali mwa mzere, makamaka pa bampala ya pulasitiki kapena pa chipewa cha njinga yamoto, ndi magetsi obwera chifukwa chopukuta ndi nsanza youma. Pitsanipo kansanza konyowa pang'ono ndi madzi, mudikire paume.

Wophunzira Burashi:

Zikomo kwambiri mayi, za mafuta a mu burashi sindinaziganizeko. Nanga ndikamaliza, ndingapopere clear coat, penti woonekera wopanda mtundu, pamwamba kuti mizere ikhalitse?

Mayi wa Penti:

Pamenepo samalani, achimwene. Enamel wa mtundu umenewu anapangidwa kuti akhale pamwamba pa zonse. Amauma pokoka mpweya, osati pongouluka reducer ayi. Pakatha maola ochepa samatanso chala, tsiku lotsatira mutha kumugwira, koma kuuma mpaka mkati kumatenga pafupifupi mwezi. Clear coat wa urethane ali ndi zosungunulira zamphamvu, ndipo akagwera pa enamel wosakhwima amamutukula n'kumuchititsa makwinya. Ena amathira hardener, mankhwala olimbitsa penti, mu enamel, amadikira, kenako n'kupopera clear coat mopyapyala kawiri asanamuthire mokwanira, komabe nthawi zina zimakanika. Ngati mukudziwiratu kuti pabwera clear coat, gulani penti wa mizere wa urethane, monga wa House of Kolor. Kuipa kwake amauma msanga, ndipo mukalakwitsa safufutika mosavuta ngati enamel, amene mumangopukuta ndi white spirit akadali wamuwisi. Hardener ali ndi mankhwala oipa m'mapapo, choncho gwirani ntchito pamalo popita mphepo, mutavala magolovesi ndi chotchinga kumphuno choyenera. Ndipo galimoto yolembedwa kumene isapakidwe polishi mwezi usanathe.

Mlembi wa Zikwangwani:

Za zilembozo, rula ndi imene ikukusokeretsani. Diso siliyeza mtunda wa pakati pa zilembo, limaona kukula kwa mpata wotsala pakati pake. Lembani mawu akuti MALATA, mpata uliwonse sentimita imodzi. Muona kuti pakati pa L ndi A pali chibwalo chachikulu, pakati pa A ndi T chimodzimodzi, pomwe M ndi A zikuoneka zoyandikana bwino. Ndiye zilembo zoima chilili monga H, I, N, M zipatseni mpata waukulu, zozungulira monga O, C, D muziyandikize, ndipo A, T, L, W, Y muzilowetse m'malo a zinzake. Mukatha kujambula ndi choko, bwererani m'mbuyo mamita angapo, mutsinzine pang'ono. Pamene pakuoneka bowo kapena chithunthu chakuda ndi pamene mukonze. O, C, S ndi G zizipitirira pang'ono mzere wapamwamba ndi wapansi, apo ayi zimaoneka zazing'ono kuposa zinzake.

Kukula kwa zilembo muyeze potengera kumene wowerenga adzaime. Muyezo umene ambiri amatsata ndi masentimita awiri ndi theka pa mamita atatu alionse, kutanthauza kuti chikwangwani chowerengedwa pa mamita 12 chimafuna zilembo za masentimita 10. Siyani malo opanda kanthu m'mbali zonse zinayi. Oyamba kumene amakonda kudzadza bolodi mpaka m'mphepete, ndipo mawu amabanika.

Musamakonzere pa bolodi penipeni. Jambulani mawu onse pa pepala lalikulu lofanana ndi chikwangwanicho, muboole timabowo motsata mizere ndi kagudumu ka mano kapena singano, mupale kumbuyo kwake pang'ono ndi sandipepa kuti timabowoto titseguke. Matani pepalalo ndi tepi, mulimenyemenye ndi kansalu komangamo ufa wa choko, kapena wa makala ngati bolodi ndi yoyera. Mukachotsa pepala mupeza timadontho totsogolera burashi. Pepala lomwelo limathandizanso pa mizere ya galimoto: lipindeni pakati, ndipo kumanja ndi kumanzere kufanana.

Quill muipalase mpaka nsonga iphwatalale ngati tchizulo. Sankhani burashi yocheperako pang'ono kuposa kunenepa kwa chilembo kuti mwendo uliwonse uthe ndi mikoko iwiri, wina m'mphepete ino wina m'mphepete inayo. Kokani kuchokera pamwamba kutsika, ndipo O ikhale mikoko iwiri yokumana pamwamba ndi pansi. Tsamiritsani dzanja pa kandodo kokulungidwa nsalu kunsonga, kuti lisagunde penti wamuwisi. Wofiira ndi wachikasu saphimba bwino pa bolodi yakuda. Musawalimbitse pofuna kuti aphimbe kamodzi, amachita makwinya chifukwa pamwamba pamauma pansi pakadali pamadzi. Pakani kawiri mopyapyala, kachiwiriko mawa lake.

Pa lata lokutidwa ndi zinki musapake enamel mwachindunji. Mafuta a mu penti akakumana ndi zinki amapanga zinthu zonga sopo, ndipo pakapita miyezi zilembo zimasupuka ngati khungu. Yambani ndi primer, penti wapansi, woyenera zinki. Khoma la simenti yatsopano lidikireni masiku 28, ndipo pamenepo penti wa acrylic ndi burashi yolimba ya ubweya wa nkhumba ndi zimene zimapirira. Quill yanu musaiyandikize ku njerwa, itha tsiku limodzi.

Wa Mizere:

Ndiwonjezereko pa za mafuta zimene anena mayiwa, chifukwa maburashi ambiri amafera pamenepa. Mukaweruka, tsukani burashi m'makapu atatu a white spirit, kuyambira wakuda kumalizira woyera, mukufinya pang'onopang'ono kuchokera patsinde. Penti wotsalira patsindepo akauma amathyola ubweya ndipo burashi imagawanika pawiri. Kenako inyowetseni ndi mafuta osauma, monga neatsfoot kapena mafuta opangidwira maburashi, muiwongole ndi zala, muigoneke m'kabokosi. Osaiimika ndi nsonga m'botolo. Mafuta ophikira ndi a linseed ayi, amauma n'kumata ubweya. Musanayambe ntchito, tsukaninso kawiri kuti mafutawo achoke.

Burashi ya lupanga yatsopano nthawi zambiri imakhala ndi tiubweya tingapo totalika kunsonga, timene timachititsa mzere kuyamba mokhota. Ipakeni mafuta, muigoneke pa galasi, mudulepo milimita imodzi kapena iwiri ndi lezala yatsopano. Dulani pang'ono, yesani mzere pa galasi, ndipo mudulenso pokhapokha ngati nsonga ikugwederabe.