Za mpando wa mwana m'galimoto: pomwe tafika

Sabata yatha ndinafunsa ngati mwana wanga wa zaka 5 angasiye mpando wake n'kumamanga lamba wa akuluakulu tikamapita ku Monkey Bay. Zikomo nonse amene munayankha. Yankho ndi loti ayi, chifukwa chachikulu ndi kutalika kwa mwana. Lamba wa m'galimoto anapangidwira munthu wamkulu. Pa mwana wamfupi amadutsa pakhosi ndi pamimba, ndipo pa ngozi akhoza kumuvulaza m'kati. Ku UK lamulo limati mwana akhalebe pa mpando wake mpaka atatalika masentimita 135 kapena kukwanitsa zaka 12. Ndiye tamugulira booster, mpando womukweza m'mwamba pang'ono, pano lamba akudutsa paphewa ndi m'chiuno.

Mwana wanga wina wakhanda ali pa mpando woyang'ana kumbuyo, ndipo sitimuika kutsogolo komwe kuli airbag, thumba la mpweya lomwe limafufuma pa ngozi. Agogo ake sakugwirizana nazo, akuti mwana malo ake ndi pamiyendo, koma galimoto ikaima mwadzidzidzi manja sangamugwire.

Amene mukufuna mpando wa pa kaunjika, onetsetsani kuti pulasitiki wake sanang'aluke komanso malamba ake sanathetheke. Ndi dzuwa la kuno ku Mangochi, chitsulo chomangira chimawotcha kwambiri, ndiye muzichiphimba ndi chitenje mukaimika galimoto panja.