Logbook ya ma registrar: tilembemo chiyani?

Gondwe: Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Lachisanu tipereke mndandanda wa zomwe registrar wa MMed ya anaesthesia (dokotala amene akuphunzira ukatswiri wogoneka odwala pa opaleshoni) ayenera kuchita yekha asanamalize rotation kuno ku Mzuzu. Draft yomwe ilipo yadzaza ndi zakunja: fibreoptic (kulowetsa tube yopumira ndi kakamera), TOE (kuunika mtima kudzera kummero), TIVA ya pampu (kugoneka ndi mankhwala a mumtsempha okha). Zimenezo tizitenga kuti? Koma za failed intubation (tube yopumira ikakanika kulowa) ya mayi wa caesar palibe ngakhale mzere umodzi. Tidule ziti?

Mhango: Ikani manambala basi. Ma spinal (jakisoni wa dzanzi wa pamsana) angati, ma tube angati, ana osakwana zaka 5 angati. Chosawerengeka simungachisayinire.

Mayi Nyasulu: A Mhango, kubaya spinal si nkhani, munthu amazolowera msanga. Choopsa chimabwera singano itatuluka. Mankhwala a dzanziwo, heavy bupivacaine 0.5%, 2 mpaka 2.5 ml pakati pa mafupa a msana L3/L4, aliyense amaloweza. Koma kodi wamupendeketsa mayiyo kumanzere? Ephedrine wokweza BP ali kale mu syringe, 6 mg pa ml? BP akuyeza mphindi iliyonse mpaka mwana atuluke? Mayi akati manja achita dzanzi, mawu n'kuyamba kuzilala, pulse kutsika, dzanzi lakwera kwambiri, high spinal imeneyo. Registrar amene akulemba chart nthawi imeneyo sanapse, kaya wabaya ma spinal 300.

Mhango: Wabaya 300 ndiye waionapo kale high spinal. Nchifukwa chake ndikuti manambala.

Chirwa: Ayi akulu, akhoza osaionapo. Failed intubation chimodzimodzi, muiyese pa chidole. Kwa mayi woyembekezera ayese kawiri, kachitatu akhale wamkulu. Asinthe kagonekedwe ka mutu, agwiritse bougie (kandodo kotsogolera tube), cricoid (kudinikiza pakhosi) aichepetse. Zikakanika aike LMA (chopumira chokhala pamwamba pa kholingo), mpweya uzilowa kaye. Zonse zikavuta, acheke pakhosi: scalpel 10, bougie, tube 6.0. Chimapha anthu si tube kukanika, ndi kukakamira laryngoscope (chounikira kukhosi) kanayi kasanu mpaka kukhosi kutupa ndi kutuluka magazi, ndiye ngakhale mask osalowetsanso mpweya.

A Gondwe, muikemonso kusankha njira yogonekera wodwala. Mayi wa APH (wotaya magazi asanabereke) wochokera ku chipatala cha boma, wayenda maola mu ambulansi, pulse 130, manja ozizira. BP ikhoza kuoneka bwino koma spinal imugwetseratu. Ameneyo ndi ma cannula awiri akuluakulu, magazi, kumugoneka ndi ketamine 1 mg/kg kapena kucheperako. Pa PPH (kutaya magazi atabereka), tranexamic acid 1 g asanathe maola atatu chiberekereni.

Mayi Nyasulu: Ndipo wa eclampsia (kukomoka chifukwa cha BP yokwera ali woyembekezera) amene ali pa magnesium sulphate, vecuronium yofooketsa minofu imachedwa kutha. Ena amachotsa tube msanga, ku recovery mayi n'kusiya kupuma. Platelets, zoundanitsa magazi, aone asanabaye msana.

Mhango: Zonsezo nzoona, koma Medical Council kapena a CANECSA (koleji ya akatswiri a anaesthesia m'chigawo chino cha Africa) akafunsa umboni muwaonetsa chiyani? Pepala lolembedwa "wapsa"? Manambala.

Phiri: Manambala akhalepo ngati poyambira, koma pa luso lililonse mulembe ngati wachita moonereredwa, wamkulu ali pafupi, kapena yekha, ndipo wosayina akhale amene analidi mu theatre. Ine nkhawa yanga ndi ana. Saizi ya tube ndi zaka kugawa 4 kuphatikiza 4, atropine (wokweza pulse) 0.02 mg/kg ali pafupi, halothane (mpweya wogoneka) isanatsegulidwe. Laryngospasm (kholingo kutsekeka) pochotsa tube, saturation (oxygen wa m'magazi) ya khanda imagwa musanatembenuke. Musaiwalenso kuti registrar akamaliza adzayang'anira ma clinical officer, omwe ndiwo amagoneka odwala ambiri m'dziko muno. Kuphunzitsa ndi kulangiza pa foni usiku kulowe pa mndandanda.

Chirwa: Makina nawonso. Magetsi akazima concentrator ya oxygen imaima. Adziwe kusinthira ku cylinder, kapena kupitiriza ndi draw-over (makina ogonekera ogwiritsa mpweya wa m'chipinda) ndi Ambu bag (thumba lopopera mpweya pamanja). Pulse oximeter imachedwa kuonetsa kuti tube ili kummero wa chakudya, makamaka mutapereka oxygen wokwanira poyamba. Popanda capnograph (choyezera carbon dioxide wotuluka popuma) aione tube ikudutsa pa ma cords a pakholingo, amvetsere m'khwapa zonse ziwiri ndi pamimba.

Mhango: Chabwino, koma ma tube angati?

Mayi Nyasulu: Pa za magetsizo, suxamethonium wanu, wofooketsa minofu polowetsa tube, mukusunga bwanji? Akakhalitsa kunja kwa fuliji amafooka, mumabaya 100 mg nsagwada osamasuka bwino. Alipo amene akulemba tsiku lomwe watulutsa ampoule?