Katuni yochokera pa gemu ya RPG: tisankhe kajambulidwe kati?

Wa ku Linga:

Akuluakulu, tithandizeni nzeru. Tilipo awiri kuno ku Nkhotakota ndipo tikufuna kupanga katuni yochokera pa gemu ya RPG (gemu imene wosewera amatenga mbali ya munthu wa m'nkhani) imene tikulemba. Anthu ake ndi anayi: msodzi, sing'anga wamkazi, mlenje ndi kamwana komva chinenero cha mbalame. Akuchoka ku Chia n'kukwera mtsinje wa Bua kukasaka chinjoka chimene chameza mvula. Magawo ndi 6, lililonse la mphindi 4, ndipo ambiri adzaonera pa foni. Tili ndi laputopu imodzi ya RAM 8GB yopanda graphics card yapadera, ndi tabuleti yojambulira imodzi. Tijambule frame (chithunzi chimodzi cha kanema) iliyonse pamanja, kapena tipite ku cut-out (kuyendetsa zidutswa za chithunzi), pixel art (zithunzi za timadontho totchedwa mapikiselo) kapena 3D?

Mlongo wa ku Senga Bay:

Achimwene, yambani ndi masamu. Kanema amayenda ma frame 24 pa sekondi. Ojambula pamanja ambiri amasiya chithunzi chimodzi kukhala ma frame awiri, ndiye kuti zithunzi 12 pa sekondi. Mphindi 4 ndi masekondi 240, zomwe zikupereka zithunzi 2,880 za munthu mmodzi yekha. Ngakhale mutamamaliza 20 patsiku, amenewo ndi masiku 144 pa gawo limodzi, msodzi yekha, anzake atatu asanalowe. Pa tabuleti imodzi sizitheka.

3D nayonso isiyeni kaye. Gawo limodzi ndi ma frame 5,760. Laputopu ikamatenga mphindi imodzi pa frame, ndi maola 96 ikungotentha, ndipo kutentha kwa kunyanja mu Okutobala kumaichititsa kuchepetsa yokha liwiro.

Tengani cut-out. Munthu mumamujambula kamodzi n'kumuduladula: mutu, khosi, chifuwa, chiuno, kenako mkono uliwonse patatu ndi mwendo uliwonse patatu. Zidutswa 16, chilichonse pa layer yake, ngati pa pepala lakelake. Muwonjezere maso otsegula ndi otsinzina, manja anayi kapena asanu (chibakera, chikhatho, cholozera, logwira nkhafi kapena uta), ndipo munthuyo akhalepo choyang'ana kutsogolo, chopendekeka ndi cham'mbali. Jambulani mu Krita, mafupa oyendetsera zidutswazo muike mu OpenToonz kapena Synfig. Mapulogalamu onse atatu ndi aulere. Moho ndi yofewa pa mafupa koma ndi yogula.

Pamene ambiri amagwa ndi pa chigongono ndi bondo. Mukadula mowongoka, mkono ukapinda pamaoneka mpata. Mapeto a chidutswa chilichonse azikhala ozungulira, alowe pansi pa chinzake, ndipo pivot (potembenukira chidutswa) ikhale pakati penipeni pa pozungulirapo. Lina ndi phazi loterereka: thupi likamayenda mofulumira kuposa sitepe, munthu amaoneka ngati akutsetsereka pa matope. Phazi limene laponda likhale pomwepo mpaka linyamuke.

Kabwato:

Masamu a achemwali ndi oona, koma ine ndikuti pixel art musaitaye msanga, poti gemu ikubwera. Kamunthu ka mapikiselo 32 kwa 32, koyenda mbali zinayi, ma frame 4 mbali iliyonse, ndi zithunzi 16 basi, ndipo zomwezo mudzaziika mu Godot, pulogalamu yopangira gemu, osajambulanso. LibreSprite, pulogalamu yojambulira pixel art, ndi yaulere.

Chinsalu chikhale 320 kwa 180. Mukachulukitsa ka 6 mupeza 1920 kwa 1080 ndendende, ka 4 mupeza 1280 kwa 720. Pokulitsa musankhe njira yotchedwa nearest neighbour, apo ayi mapikiselo amasungunuka. Nambala yosakwana, monga 4.5, imachititsa ena kunenepa ena kuwonda, ndipo chithunzi chimanjenjemera kamera ikamasuntha.

Vuto lake ndi nkhope. Pa mutu wochepa choncho simungaonetse mantha kapena chisoni, choncho pamafunika nkhope yaikulu pambali pa bokosi la mawu. Muyesenso font yanu (mtundu wa zilembo) ngati ili ndi ŵ, chifukwa ma font ambiri a pixel alibe.

Wa ku Linga:

Zikomo nonse. Nkhani yathu ndi yolankhulana kwambiri, ndiye nkhope ndi zofunika, cut-out ikutikoka. Nanga matsenga, madzi ndi chinjoka chija? Zimenezi sizidulika zidutswa.

Mkulu wa ku Benga:

Ang'ono anga, pamenepo ndi pomwe mumasakaniza. Anthu akhale cut-out, koma moto, utsi, mphezi ndi madzi othovoka mujambule pamanja mu Krita. Moto wa sing'anga umakwana ndi zithunzi 8 zobwerezabwereza, bola chomaliza chilumikizane ndi choyamba. Zitulutseni ngati zithunzi za mtundu wa PNG zopanda kumbuyo, muziike pamwamba ndi blending (kasakanizidwe ka zithunzi) ya Add kapena Screen kuti ziwale. Mukapanga zoterezi khumi, zikutumikirani magawo onse 6. Muvi ukalasa, imitsani chithunzi ma frame awiri kapena atatu n'kugwedeza kamera pang'ono; woonera amamva kulemera kwa muviwo popanda chojambula chatsopano.

Nyanja musaijambule funde lililonse. Mizere itatu ya madzi, wapafupi uziyenda mofulumira, wakutali pang'onopang'ono, bwato lizikwera ndi kutsika. Ikakhala nyanja ya mwera, onjezani liwiro ndi thovu loyera pamwamba pa mizereyo. Chinjoka n'chosavuta kuposa munthu: thupi limodzi lalitali, mafupa 12 kapena kuposerapo otsatana, lililonse lizichedwa ma frame awiri pambuyo pa linzake. Osachionetsa chonse kawirikawiri. Msana wotumphuka m'madzi a Bua n'kumiranso umaopsa kwambiri.

Chitenje cha sing'anga chikuthandizani pobisa miyendo, koma maluwa ake akhale akuluakulu, mitundu iwiri kapena itatu. Timaluwa ting'onoting'ono timapindika moipa fupa likakoka, ndipo WhatsApp ikapanikiza kanema timasanduka phala. Pa zilombo za m'nkhalango, pekani nkhope zanuzanu. Za Gule Wamkulu zili ndi eni ake ndi mwambo wake, si zongotola n'kuika mu gemu ngati adani oti aphedwe.

Mawu mujambule kaye mu pulogalamu ya Audacity musanayendetse pakamwa. Chichewa chimakupeputsirani: milomo isanu ya a, e, i, o, u, umodzi wotseka wa m, b ndi p, wina wa f ndi v, ndi wopuma. Isanu ndi itatu yakwana.

Mlongo wa ku Senga Bay:

Ndiwonjezere pa za akuluwa. Potulutsa kanema musapite ku MP4 mwachindunji. Tulutsani ma PNG otsatana, kuti magetsi akazima pa frame 3,000 mudzayambire pa 3,001, kenako muwalumikize ndi pulogalamu ya FFmpeg kapena Kdenlive. Ndipo musanadule anthu onse anayi, pangani masekondi 10 okha: msodzi atsike m'bwato, alankhule chiganizo chimodzi, moto uyake. Lembani maola amene zatenga, muchulukitse ka 24 kuti muone kulemera kwa gawo limodzi. Kenako mudzitumizire pa WhatsApp, muonere pa foni yaing'ono panja masana. Mizere ikasowa, ikulitseni musanapite patsogolo.