Bwalo la baseball (masewera omenya mpira ndi ndodo) pa koleji yathu ya luso: tiyambe kapena tidikire?

aMaseko (Wapampando, Lilongwe): Abale ndi alongo, mwaswera bwanji nonse. Ndabweretsa pano nkhani yomwe tinaisiyira panjira Loweruka lija. Achimwene aNgozo akuti ndalama zomwe tasonkha chaka chino tisalazire malo a kumunsi kwa koleji ya luso, pakhale bwalo la baseball, koleji ikhale ndi timu yake. Mukukumbukira kuti poyamba tinagwirizana zothira simenti pabwalo la atsikana la mpira wamanja. Thumba lathu silinganyamule zonse ziwiri. Tikambirane mwaulemu, komiti ikumana kumapeto kwa mwezi.

aNgozo (Indiana): Zikomo a Wapampando. Kuno kuli kochi wina wa kusekondale yemwe timapemphera naye limodzi. Ali ndi katundu wodzadza galaja: magolovesi, ndodo zomenyera mpira, zipewa zolimba, zovala za wogwira mpira kumbuyo uja, ndi mipira yambiri. Akupereka ulere. Gawo la kontena ndilipira ndekha. Kugulu ndikungopempha bwalo basi.

Musaone ngati ndikulota. Mu 2012 ana a ku Lugazi, ku Uganda, anakasewera ku Little League World Series, mpikisano wa dziko lonse wa baseball ya ana, ku Pennsylvania, timu yoyamba ya mu Africa kufika kumeneko. Mu 2022 timu yaikulu ya ku America ya Los Angeles Dodgers inatenga anyamata awiri a ku Uganda komweko. Gift Ngoepe wa ku South Africa analowa mu ligi yaikulu ya ku America ndi timu ya Pittsburgh Pirates mu 2017. Pa mpira wamiyendo mzere ndi wautali, aliyense akulimbirana khomo limodzi. Pa baseball ana athu angakhale m'gulu la oyamba, ndipo makoleji a kuno amapereka sikolashipu.

aMbewe (Joni): Ine ndili kumbali ya aNgozo. Kwathu timachedwa chifukwa chilichonse chatsopano timayamba ndi kuchiopa. Katundu waulere sabwera kawiri.

aJere (Portland): Achimwene aNgozo, mtima wanu pa ana a kwathu palibe akuukayikira. Koma ndiloleni ndinene zomwe zachitika mbali ino ya America, chifukwa funso lomwe tili nalo ndi lomwelo lomwe lagwetsa mayunivesite olemera kuposa boma lathu lonse la Ntcheu.

Boise State University, ku Idaho, inalengeza mu 2017 kuti ikuthetsa timu ya masewera ogwetsana kuti ipeze mpata woyambitsa baseball. Anyamata omwe anapita kusukuluyo chifukwa cha masewera ogwetsanawo anangouzidwa kuti basi. Analemba kochi, anasonkhanitsa osewera, anakonzekera zaka pafupifupi zitatu. Timu inayamba kusewera mu February 2020. Inasewera magemu 14 okha, Covid n'kuimitsa zonse. Pofika July chaka chomwecho yunivesite inathetsa baseball pamodzi ndi timu ya atsikana osambira, pofuna kuchepetsa bajeti ya zamasewera ndi madola pafupifupi 3 miliyoni. Bwalo lawolawo anali asanamange n'komwe, ankasewerera pabwalo la eni. Mapeto ake ogwetsana kulibe, baseball kulibe, osambira kulibe.

Kuno ku Oregon zinayenda, koma taonani mtengo wake. University of Oregon inasiya baseball mu 1981. Anzawo a Oregon State atatenga chikho cha dziko lonse mu 2006 ndi 2007, iwo anaona kuti atsalira, ndiye anabwezeretsa timu mu 2009. Bwalo lokha, PK Park, linadya madola pafupifupi 19 miliyoni, ndipo panali munthu wachuma, Pat Kilkenny, amene anaikapo ndalama zake mpaka bwalolo likudziwika ndi zilembo za dzina lake. Nakonso anathetsa ogwetsana. University of Wisconsin inasiya baseball mu 1991 chifukwa cha ngongole, ndipo mpaka lero sinabwererenso ngakhale imapeza ndalama zochuluka pa masewera ena. Iowa State inasiya mu 2001.

Chimene chimawapweteka si kugula ndodo ndi magolovesi. Ndi malipiro a makochi chaka ndi chaka, kusamalira bwalo, ndi maulendo. Ligi imayamba mu February kumpoto kuno chipale chili mbuu, ndiye timu imatha masabata angapo ikukwera ndege kupita kummwera, kugona m'mahotela. Ndi masukulu ochepa, monga Louisiana State University, amene amadzadza bwalo ndi anthu ogula matikiti. Ambiri amathiramo ndalama chaka chilichonse osabwezako. Za sikolashipu, kwa zaka zambiri lamulo la NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji kuno, linkalola timu ya baseball kupereka masikolashipu 11.7 okha, pomwe timu imakhala ndi anyamata oposa 30. Ambiri ankalandira kachidutswa, zotsalazo makolo n'kulipira okha.

aMbewe (Joni): Koma aJere, ife sitikwera ndege. Mukuyerekeza zinthu zosiyana.

aJere (Portland): Ndege sitikwera, zoona. Koma tidzasewera ndi ndani? Ngati timu yapafupi ili kutauni, ndiye minibasi yopita ndi kubwera, chakudya cha anyamata, mwina ndi malo ogona. Chiwerengero chake n'chaching'ono poyerekeza ndi cha Boise, koma thumba lathunso n'laling'ono.

Mayi Nachisale (Msungichuma, Blantyre): Ine ndilankhula ngati wogwira buku. Zopereka zathu zimabwera bwino pakakhala chinthu chooneka, monga mjigo uja tinakumba kapena denga la kalasi. Zikakhala za mwezi ndi mwezi, anthu amayamba kuzimiririka pofika mwezi wachinayi. Ndimachita kuimba foni mmodzimmodzi. Mlonda wa pa mjigo tinamulipira mochedwa kangapo, nonse mukudziwa. Tsono timu imafuna kudya mwezi uliwonse.

Chinanso, mipira ndi magolovesi sizipezeka m'sitolo za kuno. Zikatha tidzaitanitsa kunja ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti yomwe tinawerengera inasintha mtengo tisanagule n'komwe. Walira mvula walira matope, abale anga. Ndikufuna wina andiuze kuti chaka chachitatu ndalama ya timuyi idzachokera kuti, ndilembe m'buku.

Aphunzitsi aNkhoma (kumudzi): Ana anga, ndapita kukaona malowo m'mawa uno nditawerenga uthenga wa aNgozo. Mdzukulu wanga wandionetsa pa foni kukula kwa bwalo la baseball. Kuchokera pomenyera mpira kukafika kumpanda wapakati ndi mamita pafupifupi 120, m'mbali pafupifupi 100, ndipo limatambasuka ngati lichero. Malo athu aja sakwana. Mbali ya kum'mawa kuli chulu chachikulu ndi mitengo ya mango ya banja loyandikana nalo, kumunsi kuli dambo lomwe limadzadza madzi kuyambira Januwale. Kuti bwalo likwane tiyenera kulowa m'munda wa eni, ndiye kuti nkhani ipite kwa mfumu ndi chipepeso chomwe. Mpira wakenso ndi wolimba ngati mwala, ndipo mawindo a chipinda cha makina osokera ali pafupi.

Ndinadutsanso pabwalo la atsikana. Zitsulo za magoli zinapindika, chimodzi anachimangirira ndi waya. Pansi ndi dothi lokumbika, pakati pali kamtsinje komwe madzi amvula anadutsa. Ndapeza atsikana akuthira phulusa polemba mizere. Amasewera madzulo alionse popanda wowauza, ena opanda nsapato.

Nangondo (Manchester): Zikomo aphunzitsi, mwanena zomwe zimandiwawa. Amalume aNgozo, ndikulemekezani kwambiri, koma taonani amene akuluza pa ganizo lanuli. Ku Boise analuza ogwetsana ndi atsikana osambira. Kwathu aluza atsikana omwe akusewera kale. Ku America kuli lamulo la Title IX la mu 1972 lomwe limakakamiza sukulu yolandira ndalama za boma kupereka mwayi wofanana kwa anyamata ndi atsikana, n'chifukwa chake Oregon pobwezeretsa baseball inayambitsanso timu ina ya atsikana. Ife tilibe lamulo lotikakamiza, ndiye tizikumbukire tokha.

Ndipo njira yopitira kunja yomwe mukunenayo ilipo kale pa masewera omwe timawadziwa. Mwawi Kumwenda anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa chikho cha dziko lonse cha mpira wamanja ku Sydney mu 2015, ndipo anasewera zaka zambiri mu timu ya Melbourne Vixens ku Australia. Temwa Chawinga wa ku Rumphi anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya mpira wamiyendo ya amayi ya ku America mu 2024 ndi Kansas City Current, n'kukhala wosewera wopambana wa chaka. Amenewa anayambira pamabwalo ngati lathu lomweli. Pa mpira wamanja kochi tili naye, matimu osewera nawo ali m'masukulu onse otizungulira, mpira umagulidwa pa Ntcheu boma.

aNgozo (Indiana): Mwana wanga Nangondo, sindikufuna kulanda atsikana kanthu. Koma aJere asankha nkhani zogwa zokhazokha. University of California ku Berkeley inalengeza mu 2010 kuti ikuthetsa baseball. Ophunzira akale anasonkha madola pafupifupi 9 miliyoni, timu inapulumuka, ndipo mu 2011 inafika mpaka ku College World Series, ndime yomaliza ya chikho cha makoleji, ku Omaha. Bowling Green ya ku Ohio, pafupi ndi kuno, inathetsa timu mu May 2020, koma patangotha masabata ochepa inabweza ganizolo chifukwa anthu analonjeza madola 1.5 miliyoni pa zaka zitatu. Anthu akakonda chinthu amachiteteza. Ife sitingatero?

aJere (Portland): Zitsanzo zanuzo n'zoona, achimwene, ndipo zikuthandiza funso la Mayi Nachisale. Amene anasonkha ku Berkeley ndi ku Bowling Green anali anthu oti anasewerapo m'matimuwo zaka zambiri zapitazo, ena atalemera. Anali kupulumutsa chinthu chomwe anakula nacho. Onaninso kuti ku Bowling Green lonjezo linali la zaka zitatu, lolembedwa, timu isanabwerere. Ngati pali anthu pano okonzeka kulemba mayina awo kuti azipereka mwezi uliwonse kwa zaka zitatu, padera pa zopereka za gulu, ine ndisintha maganizo lero lomwe.

aMbewe (Joni): Ine ndikhoza kulonjeza chaka chimodzi. Zitatu sindinganame, ntchito za kuno sizidalirika.

Nasibeko (Mlembi, Zomba): Akuluakulu, ndiikepo kanga. Bungwe loyendetsa baseball padziko lonse, WBSC, linayambitsa mtundu wina wotchedwa Baseball5. Osewera ndi asanu mbali iliyonse, anyamata ndi atsikana pamodzi, mpira ndi wa labala, amaumenya ndi dzanja, palibe ndodo kapena golovesi. Bwalo lake ndi laling'ono, pafupifupi mamita 20 mbali iliyonse. Chikho choyamba cha dziko lonse chinachitikira ku Mexico mu 2022. Tikathira simenti pabwalo la atsikana n'kuwonjezera pang'ono m'lifupi, titha kujambulapo mizere ya masewera onse awiri. Ana akaukonda kwa chaka chathunthu, ndipo sukulu ziwiri kapena zitatu zoyandikana nazo zikayamba, pamenepo nkhani ya bwalo lalikulu idzakhala ndi poyambira.

aNgozo (Indiana): Imeneyo si baseball yeniyeni, achemwali. Palibe koleji ya kuno yomwe ingatenge mwana chifukwa chomenya mpira ndi dzanja. Komabe ndikumva zomwe aphunzitsi anena za malo, sindinkadziwa kuti dambo lija limafika pamenepo. Vuto langa ndi katunduyu. Mwini wake akufuna galaja yake isanafike nyengo yozizira, ndipo ine ndilibe pomusunga.

Mayi Nachisale (Msungichuma, Blantyre): Musanatumize chilichonse tifunse kaye za msonkho wa pa chipata ndi mtengo wochotsera katundu padoko mpaka kumudzi. Zimenezo nazonso wina ayenera kulipira, ndipo sizili m'buku langa.

aMaseko (Wapampando, Lilongwe): Zikomo nonse. Komiti isanakumane ndikupempha izi. Aphunzitsi, mutenge mmisiri akayeze bwalo la atsikana pa miyeso iwiri, wakale ndi wowonjezera womwe Nasibeko wanena, tione kusiyana kwa matumba a simenti. Mayi Nachisale, mufunse za msonkho. Achimwene aNgozo, mutilembere mndandanda wa katunduyo ndi dzina la munthu amene angaphunzitse ana kumudzi, chifukwa pano palibe wanena za kochi wa baseball. Ofuna kulonjeza zaka zitatu alembe kwa Msungichuma payekha. Sitinafunsenso akulu a koleji ndi ophunzira eni ake ngati akufuna timuyi, ndiye Lachitatu ndiimbira a pulinsipolo.

aNgozo (Indiana): Mndandanda nditumiza mawa. Za kochi, ndilankhula ndi mnzangayu ngati angabwere yekha kwa milungu iwiri m'nyengo ya tchuthi chawo, koma tikiti ya ndege sindikulonjeza.