Za ulendo wa kayak ku Cape Maclear uja: tafika

Miyezi ingapo yapitayo ndinafunsa ngati n'kwanzeru kupalasa kayak (timabwato ting'onoting'ono) ndi anzanga kuchoka m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear kupita pachilumba cha Domwe mu Julayi, n'kukagona m'matenti. Ambiri munati mwera umakhala utalusa nthawi imeneyo, tidikire. Tinakumverani, tabwera mu Okutobala.

Tinanyamuka ku Lilongwe m'mamawa, kudzera ku Dedza, n'kutsika Khwekhwerere mpaka ku Golomoti. Amene mumati tigule zakudya ku Monkey Bay munanena zoona, ku Chembe zinthu zakwera mtengo ndithu.

Dzulo tinayesa mabwato kufupi ndi gombe. Madzi ndi oyera moti tinsomba ta mtundu wa mbuna tabuluu timaonekera pansi pa bwato, tikutothola ndere pamiyala. Msodzi wina akukonza ukonde wake wa usipa anatiuza kuti tizinyamuka dzuwa lisanatuluke, chifukwa masana mphepo imadzuka. Mawu amenewo ndawagwiritsitsa kuposa zolosera zanyengo za pafoni.

Domwe ili mkati mwa Lake Malawi National Park, choncho talipira kale zolowera. Zovala ndi machesi tamanga m'mapepala apulasitiki, aliyense ali ndi jekete yoyandamitsa. Za likodzo musade nkhawa, tikabwerera tikayezetsa kuchipatala. Tikunyamuka mawa mbandakucha.