Ana amasewero ku Korea amasiyiranji akadali aang'ono?

Mayi wa ku Kapata: Mwana wa alongo anga ali Giredi 10 ndipo mpira amaumenya ndithu. Kochi wake akuti apite ku akademe ku Lusaka, sukulu adzaiona pambuyo. Alongo angawo agwirizana nazo, akuti ngakhale Son Heung-min, katswiri wa mpira wa ku South Korea, anasiya sekondale ali ndi zaka 16 n'kupita ku timu ya Hamburg ku Germany. Koma ine ndinamva kuti ku South Korea komweko ana ambiri amasewero amasiya asanakwane zaka 25. Odziwa tandiuzeni, chimawasiyitsa n'chiyani?

Mphunzitsi wa ku Katete: Amayi, mwamva zoona, ndipo nkhaniyi imandiwawa mtima. Mu 1972 boma la Korea linakhazikitsa dongosolo loti mwana wochita bwino pamasewero azilowa sekondale kapena yunivesite chifukwa cha zikho ndi mamendulo, osati mayeso. Chinatsatira n'chakuti ana ambiri anasiya kulowa m'kalasi. M'mawa kuthamanga, masana pabwalo, usiku kugona m'nyumba ya timu, kwawo n'kumapitako mwa apo ndi apo. Ena anali a pulayimale, amayi! Mu 2003 moto unabuka m'nyumba yogona ya timu ya mpira pasukulu ya pulayimale ku Cheonan, ana 9 anafa.

Ndiye taganizani, mwana wakula choncho, bondo lathyoka ali ndi zaka 17, kapena matimu akuluakulu sanamutenge. Abwerere m'kalasi akayambire pati, anzake atapita kale patali? Ntchito akafunsira ndi pepala liti? Ena amathawa nkhanza za makochi. Choi Suk-hyeon, mtsikana wa triathlon (mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga), anadzipha mu 2020 ali ndi zaka 22 atadandaula kangapo kuti akumenyedwa, koma osathandizidwa. Son tonse timamuona pa TV. Anzake amene ankathamanga nawo m'mawa uliwonse palibe amawafunsa.

Mnyamata wa ku Mchini: Aphunzitsi, musaiwale usilikali. Mwamuna aliyense wathanzi kumeneko amakatumikira, pafupifupi miyezi 18 ngati ndi asilikali apamtunda. Wamasewero amakhululukidwa akapata mendulo ku Olympics kapena golide ku Asian Games, monga anachitira Son mu 2018. Ena ochepa amalowa matimu a asilikali, koma ambiri akabwerako malo awo mutimu apita.

Kochi wa ana ku Navutika: Ine ndikana pang'ono, tisaopseze makolo mpaka kubisa nsapato za ana. A ku Korea eni ake anaona vutolo. Mu 2009 anayambitsa ligi ya mpira wa m'sukulu yoseweredwa kumapeto kwa sabata kuti ana asajombe, kenako anaika lamulo loti wophunzira azikhoza pamlingo wakutiwakuti asanaloledwe kupikisana. Mpira sulakwa, cholakwa n'kumuchotsa mwana m'kalasi.

Mphunzitsi wa ku Katete: Pamenepo tagwirizana, akochi. Ngakhale kwathu kuno tinaona Enock Mwepu, wafika mpaka ku timu ya Brighton ku England, matenda a mtima n'kumusiyitsa mu 2022 ali ndi zaka 24 zokha. Amayi, musamukanize mwanayo, koma akademeyo muifunse mafunso. Adzaphunzira pasukulu iti ku Lusakako? Fizi alipira ndani? Akavulala, kuchipatala amutengera ndani, ndipo amusunga kapena amukweza basi yobwerera ku Chipata? Zimenezi alembe papepala, alongo anuwo asaine ataziwerenga. Akakana kulemba, mwana akhale kuno mpaka alembe Giredi 12, azisewera ku David Kaunda Stadium Loweruka.