Sampa the Great ndi wa pa Zambia pompa, nanga bwanji kuno sitimumva?

Bambo_a_Tadala

Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ine ndili ndi kashopu pa boma pano pa Mchinji, ndimatchaja mafoni ndi kubenera anthu nyimbo m'mamemole ndi m'mafulashi. Ntchitoyi ndaigwira zaka 7, moti munthu akamalowa ndimakhala ndadziwa kale chomwe wadzera. Wakabaza akufuna Yo Maps ndi Driemo, amayi a Mvano akufuna makwaya, madalaivala a ku Mwami amangoti "ikanimo za ku Zambia zatsopano zonse" osasankha n'komwe.

Loweruka lapitali kunabwera kamtsikana ka Fomu 3, memole katakulunga m'pepala long'amba m'kope. Akuti, "Ankolo, mundiikire Sampa the Great." Ndinasakatula kompyuta yonse. Foda yanga ya Zambia ili ndi nyimbo zoposa 3,000, koma yake ndinapezamo imodzi yokha, Never Forget, nayonso yolembedwa dzina la Chef 187 chifukwa Chef alimo. Manyazi anandigwira. Ndinamuuza kuti abwere Lolemba, usiku womwewo ndinagula bandulo n'kukhala pansi.

Dzina lake lenileni ndi Sampa Tembo. Anabadwira ku Ndola pa 9 August 1993 koma anakulira ku Botswana. Atatha sukulu anapita ku California, kenako ku Sydney kukaphunzira ntchito yojambula ndi kukonza mawu mu situdiyo. Ndiye kuti ku Australia anapitako ngati mwana wasukulu basi. Mu 2015 anatulutsa The Great Mixtape, chaka chotsatira n'kuti akutsegulira kale Kendrick Lamar mashoo ake kumeneko. Chimbale cha Birds and the BEE9 cha 2017 chinapata mphoto ya Australian Music Prize, cha The Return cha 2019 chinapatanso, ndipo iyeyu ndiye anali woyamba kutenga mphoto imeneyi kawiri. Mu 2022 anaimba pa mafestivo aakulu a Coachella ku America ndi Glastonbury ku England ali ndi bandi ya anthu a kwawo. Never Forget ndinkaiyesa ya Chef ija ndi imene anaika pa kanema wotsatsa filimu ya Black Panther: Wakanda Forever.

Funso langa ndi ili. Kuchoka pashopu panga kukafika pa boda ya Mwami ndi kaulendo kochepa. Nyimbo ikatuluka ku Lusaka m'mawa, pofika madzulo anyamata ayamba kale kundivutitsa nayo. Nanga uyu bwanji? Zaka 7, wofunsa mmodzi yekha. Ndi Chingerezi? Ndi poti ndi mkazi worapa? Kapena ndi ife obenafe amene timasankhira anthu zomvera? Ndamumvera masiku awiri, zina zandigwira mtima, zina ndisaname sindinatolepo kanthu.

NaBanda_Melb

Achimwene, mwandikumbutsa kutali. Ine ndili kuno ku Melbourne kuyambira 2016, ndimasamalira okalamba. Sampa anakhalapo mumzinda uno, ndipo kwa ife akuda a kuno anali ngati mwana wa m'mudzi mwathu. Koma musaganize kuti kuno anali pabwino. Nyuzipepala zinkakonda kumulemba kuti "woimba wa ku Australia", iye n'kumabwereza kuti ayi, ndine wa ku Zambia.

Mu November 2019 nyimbo yake ya Final Form inapata mphoto ya hip hop ku ARIA, omwe ndi maawadi aakulu a oimba kuno. Anali mkazi wachikuda woyamba kuitenga. Mawu omwe analankhula polandira sanawaonetse pa kanema usiku umenewo. Ine ndinali pa shifiti ya usiku, ndinachita kuwapeza m'mawa pa foni, ndipo pagulu lathu la WhatsApp anthu anapsa mtima tsiku lonse. Chaka chotsatira anamupatsa mphoto zitatu.

Mu 2020 anabwerera kwawo nthawi ya Covid, pomwe Australia inali itatseka malire kwa alendo. Chimbale cha As Above, So Below cha 2022 anachikonzera ku Zambia ndi pulodyusa Mag44, ndipo muli James Sakala, Tio Nason, mng'ono wake Mwanjé, ngakhalenso Angélique Kidjo. Ndiye kuno ankamuti ndi wawo akapambana, kwanuko mukumuona ngati wa azungu. Ife okhala kunja zimenezi timazidziwa, ukafika ku Kasungu amakuti mlendo.

Agogo_a_ku_Katete

Ine za rapu sindizidziwa, koma mdzukulu wanga anandionetsa kanema wa Final Form mukunenayo, ndipo ndinaonamo gule. Sindinakondwe. Gule ali ndi malo ake: pa maliro, pa chinamwali, polonga mfumu, ndi ku Kulamba kuno ku Mkaika mwezi wa August pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Zilombo zimatuluka ku dambwe, si zovina pofuna kukometsa nyimbo ya munthu. Mwanayo ali ndi luso, koma zina azifunsa kaye akuluakulu.

MC_wa_ku_25

Agogo pepani, ndilankhuleko ngati mwana. Tay Grin wakhala akudzitcha Nyau King kwa zaka zambiri, amakwera ndi gule pa nsanja, ndipo anthu amamuombera m'manja kuti akukweza chikhalidwe. Andale nawonso amaitana gule ku misonkhano yawo. Ngati ndi kulakwa, onsewa alakwa. Zisamaoneke zoipa tsiku lomwe waima kutsogolo ndi mkazi.

Bambo a Tadala, funso lanu lachiwiri lija ndiliyankhe ine chifukwa ndimarapa. Ndinayamba ndili Fomu 2 kuno ku Area 25. Tsiku loyamba kulowa mu situdiyo ndinali nditasunga ndalama miyezi itatu, mavesi awiri nditawaloweza mpaka kumawalota. Pulodyusa anandimvera vesi imodzi n'kunena kuti, "Mawu uli nawo abwino, iwe ungoimba kolasi, mavesi apange mnyamata wanga uyu." Ndinatuluka ndi ndalama zanga. Kwina anandiuza kuti ndizibwera usiku ndekha kuti "tikambirane mtengo". Kumashoo dzina lako amalilemba pansi pa positala, umaimba 4 koloko anthu asanabwere.

N'chifukwa chake ine chomwe ndimasirira kwa Sampa si mphoto ayi, koma kuti anaphunzira makina. Munthu wodziwa yekha kujambula mawu sungamuuze kuti aime pakona adikire kolasi. Ine panopa ndikuphunzira FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, pa laputopu yobwereka ya achimwene anga.

Ndipo inu obena musadzichepetse. Kumudzi wailesi yeniyeni ndi inuyo. Munthu akati "ikanimo zatsopano", amene wasankha ndani? Tsegulani foda yanu ya Malawi muwerenge akazi orapa alimo angati, mudzatiuze.

Kalingalinga_Boy

Ngakhale kuno ku Lusaka, bwana, simungamumve m'minibasi ya ku Matero. Anthu amamudziwa, amanyadira akamuona pa nyuzi, koma mu bala DJ akamuika anthu amakhala pansi. Ine ndikuona kuti nkhani yaikulu ndi ya komwe woimba amadyera. Wa kuno amadyera mashoo, maukwati ndi makampani, ndiye amafunika nyimbo yovinika miyezi ingapo iliyonse, ya Chinyanja kapena Chibemba, yoti mwana aigwire kolasi tsiku lomwelo. Sampa amadyera mafestivo ndi maulendo akunja. Amatha zaka ziwiri kapena zitatu pa chimbale chimodzi, ndipo nyimbo zake n'zomvera utakhala phee, ndi bandi yonse kumbuyo. Cleo Ice Queen ndi Bombshell nawonso ndi akazi orapa, koma iwo timawamva chifukwa msika wawo ndi uno. Achemwali a ku 25 sakunama, koma si zokhazo.

Komanso izi si zachilendo kwa ife. M'ma 1970 Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno, ndipo Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia, inakula nthawi imeneyo: bandi ya WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, Paul Ngozi ndi Ngozi Family. Chuma chitagwa ndi mtengo wa kopa, kenako Edzi n'kutenga oimba ambiri, tinaziiwala. Anadzazifukula ndi a kampani ya nyimbo ya Now-Again Records ya ku Los Angeles. Mu 2024 Tyler, the Creator atatenga kachigawo ka nyimbo ya Ngozi Family n'kuika mu nyimbo yake ya Noid, m'pamene anyamata a kuno anayamba kufunsa kuti Paul Ngozi ndi ndani, chonsecho ku Lusaka kuno kuli msewu wa dzina lake. Sampa ndi mmodzi mwa omwe anabwerera ku nyimbo zimenezi. Anaimba ndi WITCH pa chimbale chake, iwonso anamuitana pa chimbale chawo cha Zango cha 2023. Muyambe ndi nyimbo yake ya Can I Live yomwe anaimba ndi WITCH, mumve gitala.

Bambo_a_Tadala

Zikomo nonse. Agogo, za gule sindiyankha pano. Ine ndinagula njira, ndipo pali zina zomwe sitikamba pagulu.

Achemwali a ku 25, ndawerenga monga munanenera. Akazi orapa m'foda ya Malawi alimo anayi, ndipo awiri ndi oitanidwa m'nyimbo za amuna. Mawu ndilibe. Mukamaliza nyimbo yanu munditumizire.

Mtsikana uja anabweradi Lolemba akuchokera kusukulu. Ndinamuikira The Return yonse, nyimbo 19, ndi As Above, So Below, ndalama ndinangolandira theka. Nditamufunsa kuti anamudziwa bwanji, anati anamuona pa foni ya mnzake. Potulutsa ndalama m'chikwama ndinaona kope lotseguka kumbuyo, masamba odzaza mizere ya Chichewa ndi Chingerezi, ina yofufutafufuta. Anatseka msangamsanga n'kunena kuti, "Musawauze amayi, amagula mafuta ophikira pashopu yoyandikana nanuyi."

Dzulo ndinaika Final Form pa sipika ya panja. Wakabaza wina yemwe amatchaja foni pano tsiku lililonse anaima kumvetsera, n'kufunsa ngati ndi wa ku America. Nditamuuza kuti ndi mwana wa a Tembo wobadwira ku Ndola anaseka, amvekere, "Ndiye ikanimo imodzi, koma pamwamba pakhale Yo Maps." Ndinamuikira ziwiri. Fayilo ya Never Forget ija ndaisintha dzina.